Zolemba za ntchito yoyendera njira ya njinga m'chigwa cha mtsinje wa Loire

Chomwe tinatumidwa

Komiti ya gulu lathu la opalasa njinga, lomwe ambiri mwa mamembala ake ndi Amalawi ndi abale athu a ku Chipata okhala ku Britain, inatuma ine ndi mlamu wanga kuti tikayendere njira ya La Loire à Vélo ku France tisanatengereko anthu chaka chamawa. Anatipatsa ntchito yoona ngati amayi ndi abambo a zaka zopitirira 60, ena mwa iwo omwe anapalasa njinga komaliza akupita kuchigayo kumudzi, angaukwanitse ulendowu, komanso yofufuza kogona, kogula chakudya ndi kotunga madzi, kuti pobwerako tilembe ndondomeko ya tsiku ndi tsiku.

Loire ndi mtsinje wautali kuposa yonse ya mu France, makilomita opitirira 1,000 kuchokera paphiri la Gerbier de Jonc mpaka kunyanja ya Atlantic. Njira ya njinga imayambira ku Cuffy, pafupi ndi mzinda wa Nevers, n'kukathera ku Saint-Brevin-les-Pins, ndipo mukaphatikiza nthambi zake zonse imakwana makilomita pafupifupi 900. Ndi chigawo cha njira yaitali ya EuroVelo 6 yomwe imadutsa mayiko ambiri mpaka kukafika ku Black Sea m'dziko la Romania.

Ndikulemba pano ndondomeko yomwe tinanyamuka nayo, kuti komiti idzaone pomwe inatithera. Tinagwirizana kuti tizipalasa makilomita 70 patsiku, kutsatira komwe madzi akulowera, poganiza kuti wotsika ndi mtsinje sangatope, ndiponso kuti tsiku lililonse tizilowa m'nyumba yachifumu imodzi mwa zomwe Afalansa amati châteaux. Ndondomekoyi tinailembera patebulo lakukhitchini, mapu ali pakompyuta, tiyi ali pambali.

Tsiku loyamba: Nevers mpaka La Charité-sur-Loire

Tinafika ku Nevers pasitima yochokera ku Paris-Bercy, ndipo njinga tinabwereka kwa amalonda omwe amalola kuti ukaisiye kumzinda wina kumunsi kwa mtsinje. Ndi njinga zolemera ndithu, zamagiya ambiri, zokhala ndi kaliyala wolimba ndi zikwama ziwiri zakumbuyo, pampu, chubu chapadera ndi zigamba.

Chinthu choyamba kulembedwa m'kabuku ka gulu ndi mbali yoyendera. Ku France amayenda kumanja, pomwe tonsefe tinakulira kumanzere, kaya ku Malawi, ku Zambia kapena ku Britain. Munthu salakwitsa ali mumsewu wodzaza magalimoto, chifukwa amangotsatira anzake. Amalakwitsa akanyamuka pamalo pomwe anaima kumwa madzi, msewu uli zii, mwendo n'kumutengera kumbali yomwe unazolowera. Mlamu wanga anatero kawiri tisanafike n'komwe ku Cuffy, ndipo ulendo wachiwiri ndinachita kukuwa kuti, "Alamu, kumanja!" thirakitala ili pafupi. Pali lamulo linanso la priorité à droite, loti pamphambano popanda chikwangwani wochokera kudzanja lamanja ndiye amadutsa kaye, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono. M'midzi yaing'ono lamuloli likugwirabe ntchito, ndipo aliyense wa gulu lathu ayenera kuuzidwa asanakwere njinga.

Ku Le Guétin tinaona koyamba ngalande yamabwato ikuwoloka mtsinje pamlatho: madzi a Canal latéral à la Loire akuyenda pamwamba, mtsinje wa Allier ukudutsa pansi kukakumana ndi Loire. Kuchoka pamenepo njira imatsatira ngalandeyo ndi mtsinje, yosalala, yamitengo m'mbali. Tinafika ku La Charité dzuwa likadalipo, tinaona tchalitchi cha amonke a chipani cha Cluny chomwe chinakhazikitsidwa mu 1059, ndipo tinagona tikudzitama kuti ndondomeko yathu ndi yabwino.

Tsiku lachiwiri: La Charité mpaka kupitirira Sancerre

Lero linali Lolemba, ndipo latiphunzitsa zambiri kuposa mapu onse.

Sancerre ndi tauni ya paphiri, yozunguliridwa ndi minda ya mpesa, ndipo kuti muifike kuchokera ku Saint-Satur m'mphepete mwa ngalande muyenera kukwera mamita opitirira 100 pamtunda waufupi. Tinakwera, theka lake tikukankha. Pamwamba mtsinje ukuoneka bwino kwambiri, ndipo tinalawa tchizi cha mkaka wa mbuzi cha mudzi woyandikana nawo wa Chavignol, koma ndalemba kuti chitunda chimenechi chikhale chosankha munthu yekha. Amene mawondo amawavuta akhoza kudikira pansi popanda kutaya kanthu pa ulendo.

Vuto lenileni linabwera masana. Tinali titaganiza kuti chakudya tigula m'njira, monga momwe munthu amachitira kwathu podziwa kuti pamsika uliwonse sipalephera kupezeka wokazinga tchipisi kapena wogulitsa nthochi. Kumidzi ya ku France si choncho. Masitolo aang'ono amatseka cha m'ma 12:30 kapena 1 koloko, n'kudzatsegulanso cha m'ma 3 kapena 4, ambiri satsegula Lamlungu masana, ndipo Lolemba ndi tsiku lomwe ophika buledi ambiri amapuma. Malo odyera nawo amapereka chakudya chamasana kuyambira 12 mpaka 2 koloko basi, ukafika mochedwa amakupepesa mwaulemu khitchini itatsekedwa. Tinadutsa midzi itatu, nyumba zamiyala, mazenera otseka ndi matabwa, maluwa pakhonde, popanda ngakhale mwana woti tim'funse. Tinadya mabisiketi otsala a pasitima.

Madzi nawo anatha. Pamudzi wachinayi tinapeza bambo wachikulire akudulira mpanda wake, ndipo nditamuonetsa botolo lopanda kanthu anatilozera kumapeto kwa mudzi, akubwereza mawu akuti cimetière. Titafika tinapeza kuti ndi kumanda. Mlamu wanga anaima pachipata, dzanja lili pachiwongolero, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, ife tilowe kumanda popanda maliro, popanda mfumu, kukatunga madzi akumwa?" Ndinamumvetsa, chifukwa nanenso miyendo inalemera. Koma manda a kuno ndi ozunguliridwa ndi khoma, ali ndi tinjira tamiyala, ndipo pafupi ndi chipata pamakhala mpopi ndi zitini zothirira maluwa zopachikidwa pamsomali. Opalasa njinga a kuno amadziwa kuti pomwe pali manda pali mpopi. Ndinavula chipewa, ndinalowa masitepe anayi okha, ndinayang'ana ngati palibe chikwangwani cha eau non potable, chomwe chimatanthauza madzi osayenera kumwa, ndipo ndinadzaza mabotolo onse anayi. Mlamu wanga anamwa, koma anandiuza kuti nkhaniyi ndikaifotokoze ndekha kwa amayi a m'gulu.

Ndaganiza kuti m'kabuku ndilembe zoona zake, kuti mipopi ya kumanda ilipo ndipo eni dziko saona cholakwika, koma ndondomeko yathu isadalire pamenepo. Aliyense azinyamuka ndi malita awiri, ndipo buledi, tchizi ndi zipatso zamasana zizigulidwa m'mawa tisanachoke pogona.

Tsiku lachitatu: mpaka Briare ndi Gien

Tsiku labwino, lopanda zambiri. Tinadutsa pansi pa nsanja ziwiri zazikulu zotulutsa nthunzi za malo opangira magetsi a nyukiliya ku Belleville, oyamba mwa anayi omwe ali m'mbali mwa mtsinjewu. Ena ndi Dampierre, Saint-Laurent ndi Chinon. Zithunzi zokopa alendo sizionetsa nsanjazi, koma wapanjinga amaziona kwa ola lathunthu zikuyandikira.

Mlatho wa ngalande wa ku Briare ndi woyenera kuuona. Ndi wa mamita 662, unatsegulidwa mu 1896, mizati yake inamangidwa ndi kampani ya Gustave Eiffel, ndipo umanyamula mabwato pamwamba pa Loire m'chimphika chachitsulo chokhala ndi nyali zakale m'mbali. Kanjira ka m'mbali mwa madzi n'kopapatiza, choncho tinatsika n'kukankha.

Tsiku lachinayi ndi lachisanu: Gien mpaka Orléans

Apa ndi pomwe ndondomeko ya patebulo lakukhitchini inagwera.

Kuchoka ku Gien, makamaka kupitirira Sully-sur-Loire, mbali yaikulu ya njira imayenda pamwamba pa dayiki, khoma lalitali ladothi lotchinga madzi osefukira lomwe kuno amati levée. Makoma amenewa ndi akale kwambiri. Kumunsi kwa mtsinje, m'dera la Anjou, mfumu Henry II ya ku England, yomwe inkalamuliranso derali, inalamula zomanga khoma lalikulu m'zaka za m'ma 1100. Sanawamange pachabe. Loire anasefukira moopsa mu 1846, mu 1856 ndi mu 1866, ndipo pamakoma a nyumba ndi pamilatho mumapeza timizere tosema ndi zaka zimenezi, tina tili pamwamba kuposa mutu wa munthu woima. Ukaona mtsinjewo mu Juni, madzi ochepa akuyenda mwaulesi pakati pa zilumba zamchenga, n'zovuta kukhulupirira, koma aliyense wodziwa Shire wa ku Chikwawa mu Okutobala ndi mu Januwale sangadabwe.

Kwa wapanjinga, dayiki ili ndi zabwino ziwiri: ndi yosalala ngati tebulo, ndipo magalimoto ndi ochepa kapena kulibiretu. Koma ili pamtunda, popanda mtengo, popanda nyumba, popanda chotchinga chilichonse, ndipo mphepo ya dera lino nthawi zambiri imachokera kumadzulo, kunyanja ya Atlantic, kukwera ndi chigwa. Ife tinkalowera kumadzulo komweko. Kutsika kwa mtsinje komwe tinkadalira n'kochepa kwambiri moti mwendo sukumva n'komwe, pomwe mphepo yakumaso imamveka pa pedulo iliyonse. Pa tsiku lachinayi masana liwiro lathu linatsika kufika pa makilomita 11 pa ola, tili pagiya yopepuka, pamalo athyathyathya, dzuwa lili pamutu. Chitunda chili ndi ubwino wake, chimatha ndipo kuseri kwake munthu amapuma, koma mphepo ya padayiki imakhala nawe mpaka madzulo. Mlamu wanga, yemwe ali mnyamata ankanyamula matumba awiri a chimanga pakaliyala, anaima pamthunzi wa kamtengo kamodzi komwe tinapeza n'kunena kuti bola chimanga chija.

Zoona m'chigawochi n'zambiri ndipo tinaziona mothamanga, zomwe ndikudandaula. Kuyambira ku Sully-sur-Loire mpaka ku Chalonnes-sur-Loire, mtunda wa makilomita pafupifupi 280, chigwachi chinalembedwa ndi UNESCO mu 2000 ngati malo a chuma cha dziko lonse. Ku Saint-Benoît-sur-Loire kuli nyumba ya amonke ya Fleury komwe amasunga mafupa a Benedikito Woyera, ndipo pang'ono kutsogolo, ku Germigny-des-Prés, kuli katchalitchi kakang'ono komangidwa cha m'ma 806, m'nthawi ya mfumu Charlemagne, kokhala ndi chithunzi cha Bokosi la Chipangano chopangidwa ndi timiyala tagolide padenga la kuguwa. Tinakhalamo mphindi khumi zokha chifukwa makilomita 70 aja ankatiitana. Kumeneko ndiye kulakwa kwa ndondomeko yathu: tinkathamangira nambala, n'kumadutsa zinthu zomwe tinabwerera.

Pali mfundo ina yomwe sitinaione pamapu. Njanji yochokera ku Nevers imatsatira mtsinje mpaka ku Gien, kenako imapatuka kulowera ku Montargis ndi Paris. Pakati pa Gien ndi Orléans palibe sitima ya anthu yotsatira mtsinje. Munthu wa gulu lathu atatopa kapena kudwala pachigawo chimenechi, tilibe njira yapafupi yomufikitsira kogona iye ndi njinga yake. Pachifukwa chimenechi chokha, ndikupempha komiti kuti chigawo cha kumtunda kwa Orléans chichotsedwe pa ulendo woyamba.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: kupuma ku Orléans

Sitinapalase. Tinachapa zovala, tinayenda pansi kukaona chifanizo cha Jeanne d'Arc, mtsikana yemwe anatsogolera asilikali omwe anamasula mzindawu kwa Angerezi pa 8 Meyi 1429, kenako tinakhala padoko kulembanso ndondomeko. Padokopo pamakocheza mabwato amatabwa opanda msana pansi, omwe amati toue ndi fûtreau, opangidwa choncho chifukwa mtsinje ndi wosaya. Kale ankanyamula mchere, vinyo ndi miyala, ndipo pokwera mtsinje ankakweza thanga lalikulu n'kukankhidwa ndi mphepo yomweyo ya kumadzulo yomwe yatizunza masiku awiri. Eni mtsinje anaidziwa mphepoyi kalekale ndipo ankaigwiritsa ntchito. Ife ndi amene tinabwera kudzalimbana nayo.

Zomwe tasintha kuyambira mawa: makilomita asapitirire 45, tizinyamuka 7 koloko mphepo isanadzuke, ndipo pofika 1 koloko tizikhala titatsiriza zambiri.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu: Beaugency, Chambord, Blois

Kunyamuka m'mawa kwasintha zonse. Mtsinje umakhala bata, nkhungu ili pamadzi, ndipo pazilumba zamchenga pafupi ndi mlatho wakale wa Beaugency tinaona mbalame zoyera zamchira wamphanda zomwe amati sterne, zikuuluka n'kudzigwetsa m'madzi kugwira tinsomba. Zimaikira mazira pamchenga penipeni, n'chifukwa chake pali zikwangwani zoletsa anthu kuponda pazilumbazo nyengo ino, ndipo dzinja la kuno likayandikira zimauluka kupita kugombe la Africa.

Chambord sali pamtsinje. Mumapatuka kulowa m'nkhalango. Mfumu François I inayamba kuimanga mu 1519, ndipo nkhalango yake ya mahekitala 5,440 ndi yozunguliridwa ndi khoma la makilomita 32. Mkati muli masitepe awiri opotana pamzati umodzi, moti anthu awiri akhoza kukwera ndi kutsika osakumana, akungoonana patimazenera. Tinayesa, ine uku mlamu uko, ngati ana. Komabe maganizo anga ndi akuti nyumba zachifumu zitatu pa ulendo wonse n'zokwanira. Malipiro olowera amachuluka mukawaphatikiza, kuyenda m'zipinda kumatopetsa miyendo mofanana ndi kupalasa, ndipo pofika nyumba yachinayi mabedi a mafumu amayamba kufanana.

M'nkhalango momwemo tayala langa lakumbuyo linaphwa. Chubu chapadera chomwe anatipatsa chinali chavavu yosagwirizana ndi pampu, chinthu chomwe tikanayenera kuona tsiku loyamba. Tinachita zakwathu: tinavula tayala, tinathira madzi pang'ono m'bokosi la chakudya, tinamiza chubu chigawo ndi chigawo mpaka tinaona timathovu, tinapala ndi kamwala, tinapaka guluu, tinadikira kuti aume kaye, n'kumata chigamba. Banja lina la pa njinga zamagetsi linaima kutionerera ngati tikuchita zamatsenga. Ndalemba kuti potenga njinga, aliyense ayese pampu pachubu chapadera ali pashopu pomwepo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi: Blois, Amboise, Tours

Amene amati njira ya Loire ilibe chitunda sanadutse apa. Pakati pa Chaumont ndi Amboise, komanso m'minda ya mpesa ya ku Montlouis, njira imachoka kumtsinje n'kukwera pamtunda kangapo. Zitunda zake si zazitali, koma kwa amayi athu achikulire zikhala zokankha. Ndikuganiza kuti anthu anayi kapena asanu m'gulu abwerekeredwe njinga zamagetsi, ndipo zimenezi zisakhale zochititsa manyazi. Ku Amboise tinaona nyumba ya Clos Lucé komwe Leonardo da Vinci anakhala zaka zake zomaliza mpaka kumwalira mu 1519. Tsikuli tinapitirira malire athu a makilomita 45 kuti tikafike ku Tours, ndipo tinafika titatheratu.

Tsiku la 10 ndi la 11: Tours mpaka Saumur

Ichi ndiye chigawo chomwe ndachikonda kuposa zonse, ndipo ulendo wa gulu uyenera kumangidwa mochizungulira.

Kuchoka ku Tours njira imatsatira mtsinje wa Cher mpaka ku Villandry, komwe kuli munda wodabwitsa: kabichi, letesi, anyezi ndi ndiwo zina zobzalidwa m'mabokosi amizeremizere ngati nsalu yopeta, ntchito yomwe Joachim Carvallo anayamba atagula malowa mu 1906. Alimi a m'gulu lathu akafika pamenepa sadzafuna kuchoka. Kutsogolo pang'ono, pomwe Cher amathira mu Loire, pali kachigawo ka dayiki yakale yoyalidwa miyala yobulungira, komwe kamagwedeza mano, n'kwabwino kutsika.

Ku Candes-Saint-Martin, pomwe mtsinje wa Vienne umakumana ndi Loire, ndi pomwe Martin Woyera, bishopu wa ku Tours, anamwalirira mu 397. Kuchoka ku Montsoreau tinapatuka kukwera ku Fontevraud, nyumba yaikulu ya amonke ndi asisitere yomwe inakhazikitsidwa mu 1101 ndipo inkalamulidwa ndi mayi wamkulu, ngakhale kumbali ya amuna. Mkati mwa tchalitchi chopanda mipando mwagona zifanizo za Henry II, mkazi wake Eleanor wa ku Aquitaine atagwira buku, ndi mwana wawo Richard the Lionheart, mafumu a England oikidwa pakati pa France. Malowa anasandutsidwa ndende kuyambira 1804 mpaka 1963. Msewu wopitako ndi wokwera, koma ndikuuika pa ndondomeko.

Pakati pa Montsoreau ndi Saumur pali chinthu chomwe sindinaonepo kwina kulikonse. Nyumba zachifumu ndi matchalitchi a m'chigwachi anamangidwa ndi mwala woyera wofewa wotchedwa tuffeau, ndipo pokumba mwalawo m'matanthwe a m'mbali mwa mtsinje munatsala mapanga aatali kwambiri. Anthu sanawasiye: ena anaika zitseko ndi mazenera n'kukhalamo, ena amasungiramo vinyo, ena amalimamo bowa chifukwa mkati mumakhala mozizira mofanana chaka chonse. Ku Turquant ndi ku Souzay-Champigny njira ya njinga imalowa m'mapangamo. Unali usana wotentha, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo titangolowa mumdima wa thanthwe mpweya wozizira unatigwira m'mikono ngati tatsegula firiji. Pamwamba pali mabowo momwe kuwala kumatsikira pamodzi ndi mizu ndi masamba, ndipo pakhoma pakuoneka mikwingwirima ya zida za okumba miyala. Mlamu wanga anaimika njinga, anagwira khoma ndi chikhato, fumbi loyera linatsala m'manja, ndipo anati, "Alamu, apa ndiye tidzadyere nkhomaliro ndi anthu athu." Ndalemba momwemo.

Tsiku la 12: Saumur mpaka Angers

Tinasankha nthambi yolowera ku Angers kudzera ku La Daguenière, komwe njira imafika pamtsinje waung'ono wa Authion popanda mlatho. Pali kapantoni kakang'ono kopanda injini ndi kopanda woyendetsa: mumakweza njinga, n'kumakoka tcheni ndi manja mpaka kutsidya. Manja amada, koma n'zosangalatsa. Kamalowa anthu ochepa, choncho gulu lathu lidzawoloka maulendo angapo, ndipo ndaikapo theka la ola. Kutsidya mumadutsa m'migodi yakale ya ku Trélazé, komwe ankakumba miyala yakuda yofolerera nyumba. Kuyambira pano madenga ndi makoma amayamba kuda, kusiyana ndi kuyera kwa ku Saumur. M'linga la Angers muli nsalu yoluka ya m'zaka za m'ma 1300 yoonetsa masomphenya a m'buku la Chivumbulutso, yaitali mamita pafupifupi 100. Akumpingo a m'gulu adzaifuna, ndipo ndi yoyeneradi.

Tsiku la 13 mpaka la 15: Angers mpaka kunyanja

Chigawochi tinachiyenda kuti timalize ntchito yomwe tinatumidwa, koma sindikuchiika pa ulendo woyamba. Mtsinje umakula, mphepo imalimba, ndipo kuyandikira Nantes madzi amayamba kukwera ndi kutsika motsatira nyanja.

Ku Nantes tinaima pa chikumbutso cha kuthetsedwa kwa ukapolo chomwe chinatsegulidwa mu 2012 padoko. Mzindawu unali doko lalikulu la France pa malonda a akapolo, ndipo pansi pomwe mukuponda pali timagalasi tolembedwa mayina a zombo zopitirira 1,700 zomwe zinanyamuka pano. Zombo za Afalansa zinkafika mpaka kugombe la Mozambique. Tinayenda pamenepo osalankhulana. Mu Nantes momwemo mtsinje wa Sèvre umathira mu Loire, ndipo kumtunda kwake, ku Saint-Laurent-sur-Sèvre, ndi komwe anaikidwa Louis-Marie Grignion de Montfort yemwe anamwalira mu 1716, mwini dzina la ansembe a Montfort omwe anafika ku Nzama mu 1901. Akatolika a m'gulu angafune tsiku lapadera lopita kumeneko, koma ndi ulendo wagalimoto, osati wanjinga.

Tinafika ku Saint-Brevin-les-Pins masana a tsiku la 15, mlatho waukulu wa Saint-Nazaire uli kudzanja lamanja, ndipo pagombe pali chigoba chachitsulo cha njoka yaikulu, chosemedwa ndi Huang Yong Ping, chomwe madzi a nyanja amachimiza ndi kuchivundukula.

Tsiku la 16 ndi la 17: kuyesa kubwerera

Sindinafune kupereka maganizo osintha mbali yolowera popanda kuyesa. Tinabwerera ku Angers pasitima, ndipo m'mawa mwake tinapalasa kuchokera ku Angers kupita ku Saumur, njira yomweyo koma chobwerera. Mphepo inali kumbuyo, ndipo tinafika ola limodzi ndi theka msanga kuposa popita, miyendo ikadali ndi mphamvu. Tsiku limodzi si umboni wokwanira, ndipo pa masiku athu 15 otsika panali masiku atatu omwe mphepo inali bata kapena inachokera kwina, koma pamodzi ndi zomwe amabwato akale ankachita, ndikuona kuti n'zokwanira kupangira chisankho.

Sitima zam'chigawo zimayenda m'mbali mwa mtsinje kuchokera ku Nantes kudutsa Angers, Saumur, Tours ndi Blois mpaka Orléans, ndipo m'miyezi yotentha zina zimakhala ndi malo ambiri a njinga, omwe tinafunika kusungitsa pasadakhale. Wotopa akhoza kukwera sitima n'kukatidikira kutsogolo.

Pomwe ntchito yafika

Ndondomeko yomwe ndikupereka ku komiti ndi yoti gulu liyambire ku Angers n'kukathera ku Blois, kulowera kum'mawa, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 200, m'masiku asanu ndi limodzi opalasa ndi tsiku limodzi lopuma ku Saumur kapena ku Tours. Tizinyamuka 7 koloko, chakudya chamasana chili kale m'zikwama, ndipo zolowa ndi kulipira zikhale Fontevraud, Villandry ndi linga la Angers, pomwe Chambord akhale wa amene adzakhale ndi mphamvu pa tsiku lomaliza. Pogona tasankha malo okhala ndi chizindikiro cha Accueil Vélo, chomwe chimaperekedwa kwa malo omwe ali mkati mwa makilomita 5 kuchokera panjira ndipo ali ndi posungira njinga potetezeka. Matenti ndawachotsa, ife awiri tinagonamo mausiku anayi, ndipo misana yathu yatiuza kuti abambo a zaka 65 sangadzatithokoze.

Malo ogona a ku Angers, Saumur ndi Tours ayankha kale kuti angalandire anthu 14. A pakati pa Saumur ndi Tours sanayankhebe ngakhale ndalemba kawiri, ndipo akapanda kuyankha sabata ino ndiyang'ana ena cha ku Bréhémont kapena Azay-le-Rideau. Mlamu wanga watenga ntchito yofunsa mitengo ya njinga zamagetsi zisanu ndi yolemba mndandanda wa omwe ali ndi mapasipoti a Malawi ndi Zambia, chifukwa iwowa adzafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France, ndipo makalata a kogona ayenera kukhala m'manja mwawo miyezi ingapo ulendo usanafike. Ine ndatsala ndi kujambula mapu a tsiku lililonse, kuikapo mipopi, malo ogulitsa buledi ndi masiku omwe amatseka, masiteshoni a sitima, ndi nambala yangozi ya 112 pamwamba pa tsamba lililonse. Masamba a Angers mpaka Saumur ndamaliza. A Saumur mpaka Tours ndiyamba Lachiwiri.